A Goliati Ndau ndi Mphasa ya Chikuta

A Goliati Ndau anabadwa pa 3 Meyi 1909 kufupi ndi mishoni ya Nzama. Dzina la Goliatilo linawakulira, pakuti anali munthu wamfupi, woti akakhala pa chiwongolero ankayamba aika thumba lopinda pampando kuti aone kutsogolo. Mu 1931 anapita ku Halale wapansi, nakapezeka pa famu ya ng'ombe kuseri kwa Bulawayo, dziko louma la minga ndi zigwembe, kumene mitsinje ndi mchenga wokhawokha. Kumeneko ndiko anaphunzira kuyendetsa lole kopanda msewu. Atabwerera kwawo mu 1946, mmwenye wina wa sitolo pa boma la Ntcheu anawapatsa lole yoti azitsika nayo kuchigwa, cha ku Sharpevale.

Lachiwiri pa 27 Novembala 1951 anatsitsa mchere ndi nsalu kuchigwako, nayamba kubwerera opanda katundu. Dzuwa litapendeka, mwamuna wina anaima pakati pa njira atakweza manja. Anali Silvester, mkamwini wa m'mudzi wa pomwepo. Mkazi wake Rute anali atadwala pakati kuyambira dzana, mwana osabwera, ndipo azamba anali atagwa mphwayi. Chotsala chinali chipatala cha pa boma.

Anamukweza kumbuyo atagona pa mphasa yomwe ija anagonera m'chikuta. Amayi ake, a Malita, anakwera pamodzi ndi amayi ena atatu, natchinga m'mbali ndi nsalu. Silvester ndi achimwene ake awiri anadzipanikiza kutsogolo.

Asanayambe chitunda, njira inkadutsa mu mtsinje wotakata umene chilimwe chonse unkakhala gwaa. A Ndau anaima pagombe nayang'ana kumtunda. Kuchigwa kunali ngwee, koma pamwamba pa mapiri panali bii, ndipo mphezi inkang'anima mopanda phokoso. Iwo anakulira kumapiriko, choncho ankadziwa kumene madzi amenewo amathera. Kudikira kunali kugona tsidya lino. Kumbuyo Rute anabuula. A Ndau analowetsa giya, natsikira mu mchenga.

Atafika pakati, mateyala a kumbuyo anayamba kuzungulira pamodzimodzi. Lole yopanda katundu siiluma pansi. Inadzikumbira dzenje nikhala.

A Ndau anatsika, naphwetsako mateyala onse monga ankachitira ku famu kuja kuti afutukuke pa mchenga. Anafukula ndi manja kutsogolo kwa teyala la kumanja, nayalapo thumba lawo la pampando. La kumanzere linalibe choponda. Magombe onse anali atapsa ndi lupsa, popanda udzu ngakhale wa chisa cha mpheta.

"Tiyeni kumbuyo, mukankhe," anawauza amuna aja.

Palibe anasuntha. Mkulu wa Silvester anayang'ana pansi.

"A Ndau, kumbuyoko ndi kuchikuta. Mwamuna safikako."

"Chikuta cha mateyala munachiona kuti inu?"

"Mphasa ndi yomweyo, amayi ndi omwewo. Akatisiya pamenepa mlamu wathu, adzati tinamulowera ndife."

A Ndau anamva kuzizira kuphazi. Kamadzi kofiira, kopyapyala ngati lilime la ng'ombe, kanali kukwawa pa mchenga katasenza timitengo ndi thovu. Kumtunda kunkamveka mkokomo wapansipansi.

Anapita pambali pa lole, nafulatira nsalu zija.

"Mayi, ndikupempha mphasa."

"Iti?" anafunsa a Malita kuseri kwa nsalu.

"Imene wagonera mwanayo."

"Mwabwera nazo za ku Halale? Mphasa iyi mwamuna sakhudza."

"Sindikhudza. Muyala ndinu. Ine ndingonena, maso ali uku."

Madzi anafika mu akakolo.

"Mayi, madzi awa ndi mwana chabe. Make ali m'njira."

Anamva amayi aja akunong'onezana, kenaka kukhwekhwereza. Anamusamutsira Rute pa nsalu zawo, ndipo a Malita anatsika ndi mphasa. A Ndau, chifulatirire, ankalangiza: afukule kutsogolo kwa teyala, alowetse mutu wa mphasa pansi penipeni, aupondere ndi mwala kuti madzi asaunyamule.

"Mwalowetsa?"

"Ndalowetsa. Musacheuke."

"Khosi langa ndi lalifupi, mayi, silifika."

Kenaka anatenga chingwe chomangira katundu, nachimanga kutsogolo kwa lole, nachiponya kwa amuna aja.

"Kutsogolo kulibe chikuta. Kokani mutafulatira."

A Malita ndi amayi ena awiri anapita kumbuyo kukakankha, mmodzi anatsala atagwira mutu wa Rute. A Ndau anawauza mawu amodzi okha: lole ikangoyenda siimanso mpaka kumtunda, aliyense adzithamangire yekha.

Anakwera. Popanda thumba lija ankaona kutsogolo kudzera m'kati mwa chiwongolero. Anaponda mafuta pang'onopang'ono, monga munthu wonyengerera ng'ombe yolusa. Lole inanjenjemera, mphasa inalira thyo thyo, teyala linagwira. Inatuluka m'dzenje niyamba kukwawa, madzi akumenya m'mbali.

Pa kagalasi ka pambali anaona amayi awiri akuthamanga. Wachitatu sanali kuthamanga. A Malita anali atabwerera kukazula mphasa, pakuti mphasa ya chikuta siisiyidwa poyera kuti aliyense aione. Madzi anali m'mawondo, kenaka m'chiuno, ndipo anagwa.

Phazi la a Ndau linafuna kuchoka pa mafuta. Akanaima, lole ikanamira pomwepo ndi Rute. Analimbitsa phazi, nafuula pa windo:

"Silvester, apongozi ako!"

Mnyamata amene chikwatirire anali asanadyepo pamaso pa apongozi ake, amene ankapatuka m'njira akawaona, anataya chingwe. Anadutsa pambali pa lole nkhope atatembenuzira kumtunda, nalowa m'madzi. A Ndau sanaonenso kanthu, chifukwa gombe linali litafika ndipo linafuna manja onse awiri.

Ataima pamwamba, a Ndau anatsika. Mtsinje unali utadzaza, ukugubuduza zitsa. Cha kumunsi pang'ono Silvester ankakwera gombe atabereka a Malita kumsana. Mphasa inali itapita. Atawatsitsa, mayiwo anadzifunditsa nsalu yonyowa kumutu, nayang'ana kumbali.

"Bambo, simunandione."

"Sindinakuoneni, mayi," anayankha Silvester.

Chitunda chonse anakwera ndi mateyala ophwa, pang'onopang'ono, chifukwa popopera panalibe nthawi. Anafika pa chipatala dzuwa likulowa. Rute anachira, ndipo mwana wamkazi amene anabadwa tsiku limenelo anamutcha Edna. Mateyala awiri anang'ambika, ndipo mmwenye uja anawalanda a Ndau loleyo pa 1 Disembala. Anabwerera kwawo ku Nzama kukalima mbatata ya kachewere, ndipo anamwalira komweko pa 14 Ogasiti 1958.