Tsiku limene ndinasesa dimba la a Filomena

Ndikathyola tomato, fungo la masamba ake limakanirira m'manja, ndipo limandibwezera kuseri kwa nyumba yathu kwa Nthache.

Kuseriko amayi anapereka kamalo kwa a Filomena, mayi amene anathawa nkhondo ku Mozambique. Anafika ndi mwana kumsana komanso njere za tomato zomangidwa pamfundo ya chitenje. Anafesa m'chilimwe. Madzi otsukira mbale sankataya, ankathirira mbande zawo m'mamawa ndi madzulo, kenako n'kuphimbira nthaka ndi udzu wouma.

Ine udzuwo unkandinyansa, poti kwathu mtsikana wosiya zinyalala pakhomo ankatchedwa waulesi. Tsiku lina a Filomena atapita kukalandira ufa wa othawa nkhondo, ndinausesa wonse mpaka pansi panayera, n'kumadikira kuyamikiridwa. Pobwera, dzuwa likuswa mtengo, anapeza mbande zonse zitagona.

"Mwanawe, wandivulira ana anga padzuwa?" anatero a Filomena. "Njere zina ndilibe. Munda wakwathu anautentha."

Ndinayamba kulira, koma iwo anangondipatsa chikwakwa n'kusenza ndowa. Tinamweta udzu wina, tinazika timitengo n'kumanga kamthunzi.

"Dikira dzuwa lipendeke," anandiuza. "Uthire patsinde, osati pamasamba."

Sabata yonse tinkapita kumtsinje kawiri patsiku, khosi langa likuwawa. Zinadzuka mbande zitatu zokha, ndipo zinabereka mpaka nthambi kufuna zochirikiza.

Nthawi imeneyo ndinkadabwa kuti munthu angavutike chonchi chifukwa cha tomato wa mundiwo. Lero ndikudziwa kuti pa zonse zakwawo, njerezo n'zokhazo zimene anakana kuisiyira nkhondo.