Magazi Anga Ankakana Kuvina

Masiku a chipani chimodzi, mlendo wamkulu akamabwera, amayi a ku Chawama tinkakwezedwa pa lole kukavina ku eyapoti, dzuwa lili paliwombo, m'mimba mulibe kanthu. Ine ndinkadana nazo.

Chaka china ndinkangomva kuzizira ndi tulo tosatha, ndiye kuchipatala anandiyeza magazi. Anesi anandifotokozera bwinobwino kuti nambala ina yakwera chifukwa chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi, chachita ulesi. "Muzimwa kapilisi m'mawa uliwonse, mukhala bwino," anatero. "Ntchito gwirani, kuvina vinani."

Mawu omalizawo ndinawasiya pageti pa chipatala. Atabwera ba Mulenga, atcheya athu a amayi m'chipani, kudzandiuza za ulendo wina wa ku eyapoti, ndinagwira pakhosi n'kuyankhula monong'ona: "Magazi yanga yakwera maningi. Ba dokota bakana vovina."

Anandichotsa pa ulendowo. Choipa n'chakuti anandimveranso chisoni, n'kumanditumizira shuga, yemwe nthawi imeneyo tinkachita kumuimira pamzere tsiku lonse. Ndinkathira mu tiyi manyazi atandigwira, komabe ndinkathira.

Mapilisi aja anagwiradi ntchito. Pa ukwati wa mng'ono wanga ku Matero, ng'oma itangolira ndinamanga chitenje m'chiuno n'kulowa m'bwalo, fumbi koboo. Potembenuka, ndinapeza ba Mulenga akundiombera m'manja, akumwetulira.

"Bamake Joyce, shuga yanga yasebenza, mwachira," anatero. "Mailo lole ibwera. Muzakavina kutsogolo."

Mawa lake lole inabweradi, ndipo ndinavina kutsogolo mpaka chipani chimodzi chinatha.