Mapasi Anayi Anafera M'sutikesi

Ine ndinalakwa, ndipo ndinalakwa ndikuimba. Inu owerenga, musaone kuseka kwangaku n'kumati gogo uyu chisoni sachidziwa. Pakamwa panga ndi pa chikondwerero, inde, koma mumtima muli kamwala kamodzi, ndipo lero ndakatulutsa kuti nanunso mukagwire. Kulemba ndaphunzira imvi zili mbuu, ku kalasi ya amayi kutchalitchi, ndiye mawu ena akamatsimphina muwagwire dzanja. Mlandu wanga ndi uwu: mwamuna wanga ndinawamana ulendo zaka zinayi, ulendo waulere, mpaka maso awo anatopa kundidikira.

Tinkakhala ku Kabwata, dera la mumzinda waukulu, nthawi ija ya chipani chimodzi. Mwamuna wanga, Bashi Mwila, ndiko kuti bambo a Mwila m'chinenero cha kwawo ku Luapula, ankagwira ntchito ku shedi ya katundu ya njanji m'tauni. Kutacha kukweza matumba, kutacha kutsitsa matumba. Matumba kupita kutali, iwo kubwerera ku Kabwata wapansi.

Anali ndi kachizolowezi komwe ana ankawaseka nako. Msuweni wawo anali mlonda panyumba ya azungu ku Kabulonga, ndipo chaka chikatha, adona akataya makalendala akale, iye ankawatolera. Bashi Mwila ankadula zithunzi n'kumata pakhoma ndi phala. Panali phiri loyera mbee, azungu akutsetsereka atamanga matabwa kumapazi. Limenelo ankalitcha phiri la ufa, ati kumeneko tidzadzera popita kumwamba chifukwa ndi panjira. Panali chigwa cha Luangwa, njovu zikuwoloka mtsinje, tchire lokhalokha lopanda ngakhale denga la munthu. Koma pakati penipeni, pamwamba pa wailesi, panali mathithi a Mosi-oa-Tunya ndi utawaleza wake. Amenewo ndiwo anali pamtima pawo, poti pa malo onsewo, kumeneko kokha ndiko njanji yawo inkafika.

Mumve bwino apa. Anthu a kunjanji akatenga livi, masiku opuma pantchito, ankapatsidwa pasi, pepala lokwerera sitima ulere, mwamuna ndi mkazi wake. Masiku a livi akatha musanakwere, pasiyo yafa basi.

Nanga ine? Ine ndinali ndi tebulo pamsika, kapenta, tomato, impwa. Komanso ndinali woyambitsa nyimbo wa amayi a chipani m'dera lathu. Mlendo wamkulu akamabwera m'dziko, lole inkatitenga m'mawa titavala zitenge zofanana, ulendo wa ku bwalo la ndege. Ndikaponya mawu, amayi onse kulandira, nthungululu, fumbi koboo. Eee, ndinali ine! Musanamizire chipani chokha ayi. Poyamba palibe anandigwira pakhosi. Ulemuwo ndinkaukonda ngati shuga. Ndinalandira anthu ochokera kutali, ndinatsanzika anthu opita kutali, ine mwini osadziwa kuti kuseri kwa mtsinje wa Kafue kuli chiyani.

Pasi yoyamba inabwera, ndinati kukubwera mlendo, tidzapita chaka cha mawa. Yachiwiri inabwera, ndinati kuli msonkhano waukulu, nyimbo ayambitsa ndani. Yachitatu ndinachita kuwauza kuti apite okha, mwendo si wanga. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bana Mwila, chinthu chabwino munthu saona yekha. Ndikaloza, ndilozera ndani?" Ine ndinaseka, n'kupita kukachapa chitenge. Yachinayi sanandifunse n'komwe kawiri. Anangoipinda n'kuika m'sutikesi pamodzi ndi zinzake zakufa.

Chaka chimenecho ndi pomwe ndinayamba kuona zachilendo. Tiyi ankathira pambali pa kapu. Tsiku lina ndinawapeza ataima pakhoma, mphuno itagunda chithunzi cha mathithi. Ndinawaseka, ndinati kodi mukununkhiza madzi? Inu owerenga, kuseka kumeneko ndikakukumbukira ndimaluma lilime. Kuchipatala anati matenda a shuga adya maso, chifunga chimenechi sichibwerera m'mbuyo. Kuntchito anawauza kuti apume, ndipo anawapatsa pasi yomaliza. Unali mwezi wa Meyi, madzi akadali ambiri mumtsinje. Anandipatsa pepalalo m'manja, ine ndinati tikwera Lachisanu, ndalumbira.

Lachitatu masana kunabwera Bana Chilufya, mayi wapampando wa amayi m'dera lathu, chitenge chatsopano chili m'khwapa. Anati mlendo afika Lachisanu lomwelo, lole ibwera seveni koloko. Ndinawauza za ulendo. Anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Imwe Bana Mwila, mathithi yazathawa? Madzi yaja yanayamba kugwa ambuye anu akalibe kubadwa. Koma tebulo lija pamsika, lija lili na miyendo."

Ndinamva bwinobwino. Masiku amenewo matebulo apamsika ankagawa ndi a chipani, ndipo wowapatsa msana ankapeza malo ake pali wina. Mwamuna wasiya ntchito, ana atatu akadali kusukulu, tebulo ndilo linali khasu lathu. Ndinayang'ana chitenge chija, chokongola, chonunkhira sitolo. Ndinayang'ana Bashi Mwila atakhala pampando, nkhope ataloza kukhoma komwe sankakuonanso bwino. Ndinachipinda chitengecho kanayi n'kuchibweza m'manja mwa mwini wake.

"Ba Chair, mathithi sathawa, n'zoona. Maso ndiwo akuthawa. Nyimbo ayambitse wina."

Lachisanu lole inadutsa pamsewu amayi akuimba nyimbo yanga, wina akuiyambitsa mokhota. Mtima unati dumpha ukaikonze. Ndinati khala pansi iwe, wadumpha kokwanira. Ndinamanga nkhuku yokazinga ndi mbatata m'kansalu, ndinagwira mwamuna wanga pamkono, ulendo wa ku siteshoni.

Ndinawakhazika pawindo, poti ulendo unali wawo. Titafika pa mlatho wa Kafue, madzi ali tetete mbali zonse, anandifunsa kuti tafika pati. Pamenepo ndi pomwe ndinadziwa kuti ndachedwa. Mtsinje wonse uja, iwo ankangoona kuyera. Ndinati ngati maso apita, pakamwa panga palipo. Ndinayamba kuwaimbira chapansipansi zonse zodutsa pawindo. Taonani bwato, bwato lili ndi anthu awiri. Taonani nzimbe za Mazabuka, nzimbe mpaka kumapeto a dziko. Taonani ng'ombe za Atonga, nyanga ngati mikono ya munthu wopemphera. Anthu m'sitima ankatiyang'ana, ena kuseka. Ndinalibe nazo ntchito.

Mathithi tinayamba kuwamva tisanawafike, kugunda ngati ng'oma zikwi pansi pa nthaka. Bashi Mwila anandifinya mkono. Tinayenda pang'onopang'ono m'kanjira konyowa, ine kutsogolo, iwo pambuyo, mpaka pamalo poonekera. Amayi inu! Kalendala ija inali bodza. Madzi kugwa, madzi kubwerera kumwamba ngati utsi, utsiwo kutigwera ngati mvula dzuwa lili phwee. Tinanyowa chonyowa, jekete yawo ya kutchalitchi yonse thapsa.

Anafunsa pafupi ndi khutu langa ngati utawaleza ulipo monga pachithunzi paja. Ndinati ulipo, ndipo si umodzi, ndi iwiri. Anafunsa kuti uli mbali iti. Ndinagwira chala chawo, ndinachikweza, ndinachiyendetsa m'mwamba kuyambira pomwe utawaleza unayambira mpaka pomwe unathera. Munthu uja ankafuna wondilozera ine, lero ndine ndikuloza ndi chala chake. Anamwetulira, madzi akutsika kumaso, kaya anali a mtsinje kaya a m'maso, sindinafunse.

"Imbani, Bana Mwila," anatero. "Eni chipani mwawaimbira kokwanira."

Ndinaimba. Ndinaponya mawu onse omwe ndinkagwedeza nawo bwalo la ndege, mathithi n'kuwameza ngati kambewu. Panalibe amayi olandira, panalibe nthungululu. Analandira ndi iwo okha, ndi liwu lawo lija losadziwa nyimbo, lokhota ngati njira ya mbuzi. Nyimbo yokoma kuposa imeneyo sindinaimbeponso.

Titabwerera, patebulo panga panali mayi wina akuyala tomato. Sindinakangane naye. Ndinayatsa mbaula pakhomo n'kuyamba kukazinga vitumbuwa, ndipo ana anamaliza sukulu ndi vitumbuwa zomwezo. Zinali zowawa, koma sitinafe. Ndiye ndimadzifunsa, ngati tebulo linapita ine osafa, chinandiletsa n'chiyani chaka choyamba chija, maso awo akadali akuthwa ngati singano? Bashi Mwila anakhala nafe zaka zitatu zina. Sananditonzepo ngakhale tsiku limodzi. Alendo akabwera ankawafotokozera mathithi, koma ankati "mkazi wanga anaona utawaleza iwiri." Sankati ndinaona. Mawu amenewo ndiwo kamwala kaja.

Tsono inu owerenga, makamaka inu amayi anzanga okonda kuitanidwa kutsogolo, mverani gogo. Pagulu ukachoka, mawa lomwelo aika wina, nyimbo n'kupitirira. Kunyumba ukachoka palibe wina. Ngati pali malo omwe mnzanu wa m'nyumba amawatchula kawirikawiri, kaya ndi mathithi, kaya ndi nyanja ya kwawo, kaya ndi phiri chabe la pafupi pompano kuseri kwa Chelstone, musati malowo sathawa. Malo sathawadi. Amathawa ndi maso, amathawa ndi mawondo, amathawa ndi munthuyo.

Ine ndatsimikiza, chilimwe chino ndikukwera basi ya ku Chipata, ndikaone njovu za ku Luangwa, chithunzi chawo chija chili m'chikwama. Ana akuti amayi mwakalamba, dikirani chaka cha mawa tidzakuperekezeni. Ndinangotsegula sutikesi, n'kuwayalira patebulo mapasi anayi aja, ofiirira, osabooledwa. Ndinati werengani inu ophunzira, chaka cha mawa ndi chimenechi.