Mkulu Amene Anathetsa Nkhondo mu Sauna

Mkulu woyandikana nafe nyumba kuno ku Tampere anachoka kwawo ku Kabul atakalamba kale. Chifinishi, chilankhulo cha kuno, amaphunzirira pa nkhani za pawailesi, kubwereza mawu aliwonse. Nduna, malire ndi zisankho amatchula bwinobwino, koma mkaka m'sitolo amachita kuloza. Chimene chimawapweteka n'chakuti alibe wocheza naye.

Loweruka lina mu sauna, chipinda chosambiramo nthunzi yotentha, madoda awiri okalamba a kuno, Reijo ndi Tauno, anakangana za madzi othira pamiyala yamoto.

"Ukufuna kutiphika, nkhalamba iwe?" anatero Reijo.

"Ngati ndiwe khanda, tuluka!" anayankha Tauno.

Mkulu uja, amenenso anali momwemo, anaimirira, thukuta lili kamukamu. "Mbali zonse ziwiri zisiye nkhondo," anatero m'Chifinishi chomveka. "Zokambirana ziyambe lero."

Awiriwo anaseka mpaka kutsokomola. Kenako Tauno anawapatsa chikho chothirira madzi, chimene sapatsa munthu wamba.

"Thirani ndinu, a Pulezidenti."