Mbereko khumi ndi ziwiri pa okushoni

Ntchito yoyamba yolembedwa ndinaipeza imvi zili mbuu, ndili kale ndi zidzukulu zisanu. Moyo wanga wonse unali wa pathandala, kuyanika usipa ndi utaka kuno ku Senga Bay. Tsiku lina ndikusoka thumba lobooka, panaima kabaza, panatsika mtsikana wa nsapato zoyera. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana manja anga. Ine ndinakoka dengu la nsomba n'kuliika pakati pa miyendo.

"Agogo, mumasoka bwino. Mungasoke zilembo?"

"Zilembo za ndani?"

Anati dzina lake ndi Tadala, mwana wa aphunzitsi ena amene anakhalapo kwa Maganga, ndipo ntchito yake ndi zaluso. Ndinamufunsa ngati amajambula mabwato ndi mbalame monga amachitira ogulitsa kwa alendo. Anaseka, nati iye sajambula kanthu, amagwiritsa ntchito mawu ndi zinthu zakutha. Ndinatuma munthu kwa Maganga kukafunsa ngati aphunzitsi oterowo anakhalakodi. Yankho litabwera kuti inde, ndinavomera, koma mtima sunakhale pansi.

Chimene ankafuna ndi ichi: mbereko khumi ndi ziwiri zakale, zitenje zoti zinaberekapo mwana mpaka kufwifwa. Pa mbereko iliyonse tisokepo mawu amene mayi wake amakonda kumuuza mwanayo. Kenako zonse tizilumikize pa matumba a mchere, chikhale chinsalu chimodzi chachikulu chopachika pa nsungwi, chikagulitsidwe pa okushoni ku loji ina ya m'mbali mwa nyanja. Ine okushoni ndinkaidziwa ya fodya. Ya nsanza ndinali ndisanaimvepo.

Azimayi anamukanira Tadala khomo ndi khomo. Kwathu kuno mbereko sapatsa mlendo. Muli thukuta la mwana, mkodzo wake, mkaka umene anabwezera, ndipo wamtima woipa akhoza kumupeza mwana kudzera m'menemo. Ikatha ntchito umaing'amba wekha kapena kuitentha. Ndiye Tadala anatuma ine. Ine amene sindibwereketsa ngakhale singano ndinayenda m'makomo nditanyamula zitenje zatsopano zosinthira, ndikuwauza anzanga kuti asaope, ndili pompano, sindisamuka. Anapereka chifukwa cha ine, osati chifukwa cha chitenje.

Tinkagwirira pakhonde la nyumba imene ankachita lendi. Iye ankalemba zilembo ndi choko, zazikulu ngati chikhatho. Ine ndinkatsata chokocho ndi singano yosokera matumba ndi ulusi wa ukonde, wa nayiloni wakuda uja. Ndinkasoka mobwerera kuti mzere usaduke, singano ikuboola mbereko ndi thumba lomwe, ndipo mfundo iliyonse ndinkaiwotcha ndi machesi monga timachitira pa ukonde, kuti isamasukenso. Tsiku loyamba ndinafuna kuzichapa. Anandigwira dzanja. "Musachape, agogo. Mathimbiriro amenewo ndiye ntchitoyo."

Sukulu ndinalekera sitandade fo, koma ndinkawerenga mawu aliwonse ndisanasoke, kuopa kusoka mwano ndi manja anga. Munali akuti "Usapite kumadzi wekha." Ena "Bambo ako abwera mwezi ukatha." Ena "Tonthola, anthu akumva." Pakati penipeni panali mbereko yobiriwira ya mtsikana wina woyandikana nane nyumba, amake Chisomo, ndipo mawu ake anali atatu okha: "Gona, ndili pano." Miyezi itatu ndinasoka, ndipo m'mawa uliwonse ndinkayamba n'kuona ngati zonse zilipo, ngati palibe kona imene wina wadulako. Tadala ankati ndikanakhala wapolisi.

Tsiku la okushoni tinapachika chinsalucho m'mawa mu holo ya loji ija. Anthu anabwera pa magalimoto, azibwana a ku Lilongwe ndi azungu ochepa, aliyense atapatsidwa kapepala ka nambala koti akweze akafuna kugula. Ena ankagula pa foni, osaoneka nkhope. Zimenezo zinandivuta kwambiri. Munthu woti sukumuona atenge mbereko za ana?

Dzuwa lili paliwombo mlonda anandikodola, nati pageti pali munthu. Ndinapeza amake Chisomo atanyamula mwanayo m'manja, osati kumbuyo. Mwana anali moto, maso atatembenuka. Amuna ake anali ku chilumba cha Mbenji kukapha nsomba, kumene mkazi saponda, ndipo foni sinkagwira. Patsinde pa mtengo panaima apongozi ake ndi azimayi ena awiri. Palibe anandipatsa moni.

"Agogo, ndipatseni mbereko yanga."

"Mwanawe, awa ndi malungo. Wapita kuchipatala?"

"Apongozi akuti ndiyambe kwa amene anatenga mbereko."

Sanakweze mawu, koma ndinamva zonse. Ndakhala zaka zambiri, ndaonapo zimene zimachitikira nkhalamba mwana akamwalira anthu ali ndi dzina lake pakamwa. Amayamba ndi kusiya moni, amamaliza ndi miyala padenga.

Ndinalowa mu holo okushoni itayamba kale. Bambo woitanira mitengo, wa kanyundo m'manja, anali kugulitsa chosema china, chathu chinali chachitatu kuchokera pamenepo. Ndinamukokera Tadala pambali n'kumuuza.

"Agogo, amenewo ndi malungo. Ndiitane galimoto apite kuchipatala."

"Sapita asanaigwire mbereko."

"Koma chinsalucho chajambulidwa kale, ogula achiona chili chonse. Ndipo mberekoyo ili pakati penipeni."

"Ndikudziwa pamene ili, ndinasoka ndine. Inu mawa muli ku Lilongwe. Mwana uja akapita, nyumba imene adzaitenthe ndi yanga."

Sindinadikire yankho lake. Ndinamasula lezala pamfundo ya chitenje changa, ndinakoka mpando, n'kukwerapo anthu onse akuona.

Pamenepo ndi pomwe luso langa linanditembenukira. Ndikanasoka mwaulesi, ulusi ukanasololoka ndi kukoka kumodzi. Koma mfundo zowotcha zija zinali ngati timiyala, ndipo chilembo chilichonse chinali chitagwira thumba kumbuyo. Ndinayenera kudula ulusi pamodzipamodzi, m'mbali zonse zinayi ndi mawu omwe, osang'amba mbereko yoyandikana nayo chifukwa nayonso inali ya mwana wa munthu. Thukuta linkalowa m'maso. Kumbuyo ndinkamva kunong'onezana, wina akufunsa ngati zimenezi zinali pa dongosolo. Wa kanyundo anadumphira chinthu china, kenako chinanso. Ndinadzicheka chala, ndinachiika mkamwa kuti magazi asadonthere pansalu. Nthawi yonseyo khutu limodzi linali kugeti, kudikira kumva mfuu wa maliro.

Nditafika pa mawu omaliza ndinaona manja ena akukoka nsalu kuti ulusi uonekere. Anali a Tadala. Sanandiyang'ane. Anangoti, "Dulani apa, ndagwira."

Mbereko inachoka. Pamalo pake panatsala thumba la mchere lili ndi timabowo ta singano. Sindinadikire kuona za ogula. Ndinathamanga monga ithamangira nkhalamba, ndinaiika m'manja mwa amake Chisomo apongozi ake akuona, ndinati, "Iyi. Imvereni fungo, sinachapidwe, sinadulidwe. Tsopano mubereke, tiye." Anamubereka pomwepo. Iye anakwera kabaza wina, ine wina pambuyo, chifukwa ndinkafuna kuona ndi maso anga kuti akhotera kuchipatala osati kwina.

Anamuyeza magazi, anapeza malungo, anamuika diripi. Tinagonera masiku anayi. Tsiku lachisanu Chisomo anapempha nthochi. Apongozi aja mpaka lero amati inamuchiritsa ndi mbereko. Anamwino anati tikanachedwa pang'ono zikanakhala zina. Ine onse ndinangowagwedezera mutu. Moni unabwerera, ndicho ndinkafuna.

Chinsalucho chinagulidwabe chili ndi bowo lake. Tadala anati wa pafoni amene ankamudalira anachisiya atamva kuti chasintha, ndipo chinapita pa mtengo wotsika kuposa umene ankayembekeza. Pepala lake sindinalione, ndiye ndikungobwereza zimene anandiuza. Anakhala osabwera mwezi wathunthu. Atabwera anali ndi ganizo lina, la mikeka yakale yogonera, nafunsa ngati ndingamuthandizenso.

"Kusoka ndisoka," ndinamuuza. "Koma kopempha mupite nokha, muwauze eni ake kuti chikapita chapita. Ndipo mfundo sindiwotchanso."

Amene mumafunsa kuti ntchito yosokera anthu a zaluso ili bwanji, singano si yovuta, ndipo mawu a pa choko aliyense akhoza kuwatsata. Chimene ndinaphunzira n'chakuti usaike dzina lako chikole pa chinthu chimene chidzapite kumene miyendo yako singafike. Ine ndinaphunzira mochedwa. Mbereko khumi ndi imodzi zija zili pakhoma la nyumba imene sindikuidziwa, ya munthu amene sindinamuone nkhope. Ana a mberekozo ali konkuno, onse ndimawadziwa mayina. Mmodzi akangotsokomola ndimasiya usipa pathandala n'kupita kukaima pakhomo pa amake mpaka atamutengera kuchipatala. Ena amati agogo awa ndi achifundo. Asiyeni aziganiza choncho.