Jombo za pa intaneti zinandidulitsa zala

Kuphazi langa lamanzere kwatsala zala ziwiri zokha, ndipo chinandipweteketsa ndi matama anga omwe. Inu owerenga, imvani uchitsiru wanga kuti musaubwereze.

Ndinafika ku Joni mu 2008 kuchokera ku Ntcheu, n'kupeza ntchito kwa kontilakitala wina wonyamula zitsulo pamgodi kufupi ndi Phokeng. Bwana ameneyu sankapereka jombo, aliyense ankagula yekha. Amalawi ambiri tinkagula ku Zinniaville, m'kasitolo ka a Kachingwe, madala a ku Thyolo amene anakalambira mumgodi. Ukasankha jombo, iwo ankaiika pansi n'kuimenya ndi hamala kutsogolo kwake kuti udzionere wekha kuti muli chitsulo.

Mu 2011 ndinagula foni yolowa pa intaneti, basi n'kuyamba kudzimva. A Kachingwe ndinayamba kuwaona ngati chinthu chotha ntchito. Tsiku lina ndinawauza pamaso pa anthu kuti, "Madala, kasitolo kanuka katsala pang'ono kufa. Anthu ozindikira akugula pafoni masiku ano." Iwo anangoti, "Mwana wanga, foni yakoyo imadziwa kumenya hamala?" Ndinawaseka, n'kutuluka.

Sabata yomweyo ndinapeza munthu wogulitsa jombo pa intaneti. Zithunzi zake zinali zokongola, mtengo wotsika, akuti zochokera kunja. Ndinalipira kubanki, ndipo patapita masabata awiri katundu anafika. Ndinaona kuti jombozo zikupepuka, koma ndinauza anzanga amene ndinkakhala nawo ku Geelhoutpark kuti zamakono zimatero, zolemera ndi za machona.

Sindinathe nazo mwezi. M'mawa wina tikutsitsa mapaipi m'lole, tcheni chinapulumuka, paipi n'kundigwera paphazi. Jombo inaphwatalala ngati chitini chopondedwa. Kuchipatala nesi ataidula ndi sizasi anandionetsa zimene zinali kutsogolo kwake: kapulasitiki kopyapyala ndi katoni. Anandidula zala zitatu. Bwana uja ananena kuti ndinavala zinthu zosavomerezeka pantchito, ndipo ntchito inathera pomwepo.

Wogulitsa uja ndinamuimbira, nambala yake inali itatsekedwa. Tsamba lake la pa intaneti linasowa, kenako linatulukiranso ndi dzina lina, zithunzi zomwe zija. Chimunthu chamantha, chopanda nkhope, chobisala kuseri kwa zithunzi n'kumagulitsa makatoni kwa anthu onyamula zitsulo! Ngakhale mbava ya pa renki ya matakisi ndi yabwinoko, poti imayamba yakuyang'ana m'maso.

A Kachingwe anabwera kudzandiona kuchipatala atanyamula malalanje. Za foni sanatchule n'komwe. Anandipempherera n'kumapita, ine n'kutsala ndikulakalaka akanangonditukwana.

Mpaka lero ndimamva tianyamata tina tikudzitama kuti masitolo atha, posachedwa zonse tizigula tili gone pabedi. Ndimangotiyang'ana, poti nanenso ndinkabwebweta chimodzimodzi ndili ndi zala zokwanira. Mwina masitolowo adzathadi, ine si mneneri.

Koma inu owerenga, chinthu chimene chikateteze thupi lanu muzichigwira kaye ndi manja, muchifinye, muchiyese. Muzigula kwa munthu amene ali ndi khomo loti mawa mukhoza kukagogoda, munthu woti angachite manyazi kukuonani mukutsimphina. Amene anandigulitsa jombo zija sadziwa n'komwe kuti ndimatsimphina.