Mtanda wa thabwa laliwisi

Kalipentala wina ankamutchula Lerolero, chifukwa mosiyana ndi anzake a ntchitoyi, iye sankawadziwa mawu akuti "bwerani mawa". Kwa zaka makumi awiri ankapala matabwa m'kashedi kamalata kuseri kwa nyumba ya amayi ake, pa benchi yomwe anasiya malemu bambo ake. Luso anali nalo ndithu, koma phuma ndilo linkamuwononga.

Abusa atafuna mtanda wa kuguwa sabata lomwelo, matabwa ouma anali atatha. Lerolero anatenga paini wochekedwa dzana, n'kupala, n'kupaka vanishi katatu kuti chinyezi chibisike. Patapita milungu iwiri, dzuwa litatenthetsa malata a tchalitchi, mtandawo unayamba kuchucha timadontho tachikasu pa mfundo za thabwa.

Abusa analengeza kuti mtanda ukulira. Anthu ankabwera ndi thonje kudzatapa misoziyo, ati imachiritsa, ndipo Lerolero, yemwe kale ankawodzera pa benchi yakumbuyo, anamusamutsira kutsogolo n'kumamuti "a manja odzozedwa". Iye ankadziwa bwino lomwe kuti ndi utomoni. Kawiri konse anafika pakhomo pa abusa kuti aulule, kawiri konse anangopereka moni, kuyamikira maluwa apakhonde, n'kubwerera. Ulemuwo unkamukomera, poti anali asanaulawepo chibadwire.

Lamlungu lina anaona amayi ake, omwe diso lamanzere linkawavuta kale, akukankhidwira kutsogolo ndi azimayi anzawo. Amayi akewo anatapa utomoniwo ndi thonje n'kupaka m'diso mpingo wonse ukuona. Lerolero anatsegula pakamwa, koma mapeto ake anangoyang'ana nsapato zake. Pofika Lachitatu diso linali litatupa, ndipo adokotala ananena kuti mwina silidzaonanso.

Atabwerako kuchipatala anawakhazika amayiwo pa mpando m'shedi muja, iye n'kukhala pansi pa utuchi. Manyazi anamugwira.

"Amayi, ija si misozi. Ndi utomoni. Thabwa lija linali laliwisi."

Iwo anakonza bandeji yawo modekha, osadabwa n'komwe.

"Malaya a bambo ako ndachapa zaka makumi atatu. Ukuganiza kuti fungo la utomoni sindilidziwa?"

Anawafunsa chifukwa chomwe anapakira chinthu chotere m'diso, akudziwa. Iwo anafotokoza kuti azimayi anali atayamba manong'onong'o, ati bwanji mayi wa mmisiri yekhayo sakupaka, kapenatu akudziwapo kanthu.

"Ndikanakana, zala zonse zikanaloza iweyo, mwanangu."

Lerolero anayang'ana matabwa omwe tsopano anali atauma bwinobwino pakona. Akanangodikira milungu ingapo basi. Kenako anadzuka, kusasa utuchi pa thalauza, n'kunyamula nyundo ndi makwerero. Analowera kutchalitchi masana omwewo kukatsitsa mtanda uja, anthu adakali pamzere ndi thonje lawo m'manja.